Anaumba Mbiya Iyi Ndani?

Kale kuno ku Nkhotakota mbiya sinkasowa mwini. Ngakhale itagulidwa pamsika nkupita nayo ku Dwangwa kaya ku Benga, amayi ankangoisuzumira pakhosi nkunena kuti ili ndi dzanja la mayi uje wa ku Chia, uja anakwatiwa kwa asodzi. Panalibe cholemba, koma dzina la mmisiri linkayenda pamodzi ndi ntchito yake.

Agogo anga aakazi, obala mayi, anali mmodzi wa amisiri amenewo. Dothi ankakatapa kudambo kusanache, nkulinyowetsa, nkuliponda mpaka lifewe, akutola timiyala ndi timizu tonse. Akakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, ankaika phale lakale patsogolo pawo nkuyambira pamenepo. Dzanja lamanzere mkati, lamanja kunja, phale likuzungulira pang'onopang'ono, mtsuko nkumakwera. Mkati ankapala ndi chigoba cha nkhono ya m'nyanja, kunja nkusalaza ndi chitsononkho. Dothi likayamba kugwirana ankatenga kabango kosongola nkutema mphini pakhosi: mizere iwiri yozungulira, pakati pake timizere topendeka, gulu ili kupendekera uku, linzake uko. Kenaka mwala wawo wokulungizira, wakuda bii, umene anautola mumtsinje wa Bua ali mtsikana, ndipo ife ana sitinkaloledwa kuuseweretsa. Kuotcha kunali kwa madzulo, mwera ukaleka, ndipo munthu wotentha sankayandikira pamotopo kuopa kuti mbiya zingaphulike. Mmawa mwake agogo ankagogoda mbiya iliyonse ndi chala, khutu lili chire. Yolira bwino ankaimwetulira.

Chimene ndinkakonda koposa nchakuti poumba ankalankhula. Ankati mphini izi anawaphunzitsa ndi azakhali awo, azakhaliwo anazitengera kwa mayi wina amene anabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja m'nthawi ya a Jumbe, ndipo timizere topendeka anawonjezera okha kuti zawo zisiyane ndi za mnzawo wa kumtunda. Malume nawo anali chimodzimodzi ndi mabwato. Bwato likamakocheza ankadziwiratu amene analisema, mtengo wake ndi phiri limene unagwetsedwa. Ng'oma za chioda, malipenga a zikho amene anyamata ankaimba pabwalo, mikeka yonyika utoto, zisoti zopeta za mashehe a ku Linga, chilichonse chinali ndi mzera wa mayina kumbuyo kwake.

Anthu amenewo anapita. Zimene zatsala pamapepala za dera lathu nzambiri ndithu, koma zili balala. David Livingstone analemba m'buku lake la 1865 kuti mu Seputembala 1863 anafika pagombe lino, nakhala pansi pa mkuyu waukulu, ndipo anapeza Juma ben Saidi akukhoma chombo cha matanga. Makalata ndi zithunzi za amishoni a UMCA, amene anakhazikika kuno mu 1894, zili ku Bodleian Library ku Oxford. Mabuku a mabwanamkubwa ndi a maDC ali ku National Archives ku Zomba, kupatula ambiri akalekale amene anapsa pamene likulu la boma linayaka moto mu 1919. Zithunzi zina zili ku Mandala House ku Blantyre m'manja mwa Society of Malawi. Nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'zaka za m'ma 1950 zili ku South Africa, ku International Library of African Music ya pa Rhodes University. Mwana wa kuno wofuna kudziwa za luso la makolo ake angayende maulendo onsewa ndi ndalama ziti?

Mdzukulu wanga wamkazi anaphunzira za kasungidwe ka mabuku ku Mzuzu, ndipo ndiye ananditsegula maso pa njira imene anzake amaitcha linked data. Tinali pakhonde tikusankha mpunga. Ndinamuuza kuti ndamva zoti mapepala akale akuwajambula nkuwaika pa intaneti, ndiye basi nkhani yatha. Anapukusa mutu.

"Ayi agogo, chimenecho nchiyambi chabe. Chithunzi chili ku Oxford sichidziwa kuti kalata yonena za icho ili ku Zomba. Pamafunika kuzidziwitsana."

Anafotokoza kuti mfundo iliyonse amaidula patatu: chinthu, ubale wake, ndi chinzake. Mtsuko uwu, anauumba, mayi uje. Mayi uje, ankakhala, ku Chia. Chia, ili m'boma la, Nkhotakota. Munthu aliyense, malo alionse ndi chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala yakeyake yosasintha, yokhala ndi keyala pa intaneti, ndipo nyumba zosungira zakale zonse zikagwiritsa ntchito nambala yomweyo, kompyuta imatha kutsata ubalewo kuchoka m'kabati ya dziko lina kulowa m'kabati ya dziko linanso. Malamulo ake anawandandalika ndi Tim Berners-Lee mu 2006. Mu 2012 kunayamba Wikidata, kumene aliyense angathe kulembetsa chinthu nkulandira nambala yoyamba ndi chilembo cha Q. A ku Getty ku Los Angeles, amene ali ndi mindandanda ikuluikulu ya mayina a amisiri, a malo ndi a mitundu ya zopangapanga, anayamba kutsegulira anthu onse mindandandayo m'njira imeneyi mu 2014.

Mtima wanga unadumpha, chifukwa zimenezi ndinazimvapo kale pamaliro. Alendo akachuluka pasiwa, malume ankaimirira nkuyamba kulongosola: awa ndi ana a achemwali a malemu, achemwaliwo anakwatiwa kwa Mwansambo, ndipo amuna awo ndi mphwawo wa aja akhala apo. Pomaliza, anthu amene anabwera osadziwana ankapezeka kuti ndi amodzi. Ntchito imene makina akuphunzitsidwa lero ndi yomweyo.

Ubwino wake ndinauona msanga pa nkhani ya mayina. Tauni yathu m'mapepala akale ndi Kota Kota, pena Kota-Kota, pena Kotakota, kenaka Nkhota Kota. Wofufuza akalemba dzina la lero lokha, zakalezo zimamudutsa. Nyimbo zina za Tracey zinalembedwa kuti zinajambulidwa ku Visanza m'boma la Kota Kota, ndipo ana a lero sadziwa kuti Visanza ndi Ntchisi, imene kale inali mbali ya boma lino. Nambala imodzi imamanga mayina onsewo pamalo amodzi. Imathanso kulekanitsa zinthu ziwiri zokhala ndi dzina limodzi. Chauncy Maples ndi bishopu wa ku Likoma amene anamira m'nyanja pa 2 Seputembala 1895 ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints kuno. Chauncy Maples ndi sitimanso, yopangidwa ku Glasgow, imene inayamba kuyenda panyanja mu 1901, ija tinkaithamangira kugombe ikalira. Ife sitisokoneza, koma makina opanda nambala angaike m'manda sitima.

Komabe pali pamene pamandiwawa. Livingstone anatchula mwini chombo, amene ambiri amati ndi Jumbe Salim bin Abdallah yemweyo. Nanga amene ankacheka matabwa ndi kukhoma misomali anali ayani? Nanga anthu zikwizikwi amene zombozo zinawaolotsa, magoli ali m'khosi, ulendo wa ku Kilwa? Palibe dzina. Zosemasema ndi zoumba za kuno kwathu zimene zinapita kunja kawirikawiri kapepala kake kamangotchula mtundu wa anthu, dziko, ndi mzungu amene anazipereka. Woperekayo ali ndi chaka chobadwa, chaka chomwalira, sukulu imene anaphunzira ndi chithunzi chake. Mmisiri alibe kanthu. Mukalumikiza mapepala otere momwe aliri, azungu aja adzalumikizana bwinobwino, ife nkukhala m'mphepete ngati "wosadziwika". Makina sangatulutse dzina limene silinalembedwe.

Nchifukwa chake Tracey ndimamupatsa ulemu, ngakhale anali wa nthawi ya atsamunda: pamakadi ake ankalemba dzina la woimba, chilankhulo, malo ndi chida chimene akuimbira. Lero munthu angathe kumva mawu a agogo ake nkuwazindikira. Bambo Claude Boucher a ku Mua, amene anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, anachitanso chimodzimodzi ndi gule wamkulu. M'nyumba yosungira zakale ya Chamare, ku Mua komweko, muli zigoba zoposa 400, ndipo iwo anatha zaka zambiri akulemba dzina la gule aliyense, nyimbo yake, mwambi umene amaphunzitsa ndi dera limene amavinidwa. Buku lawo linatuluka mu 2012. Ntchito yotereyi ndiyo ingalumikizike nkupindula, popeza mfundo zake zinatoledwa pakamwa pa eni ake.

Pa gule pomwepo ndichenjeze. UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005, ndipo dziko lonse likufuna kumudziwa, koma si zonse za kudambwe zoyenera kuyalidwa poyera. Apa dzina la wosema silitchulidwa, ndipo nkoyenera kutero. Momwemonso zithunzi za m'miyala ya ku Chongoni, malo okwana 127, zina nza chinamwali cha amayi. Achinyamata a makompyuta akhale pansi ndi mafumu, anamkungwi ndi akulu a dambwe, awafunse chimene chituluke ndi chimene chitsale. Kubisa mwaulemu nkosiyana ndi kufufuta kumene anachita osalemba mayina aja.

Mbiya ya agogo imodzi idakalipo kwa mchemwali wanga, yong'aluka pang'ono pakamwa, amasungiramo nyemba. Mdzukulu uja anaijambula ndi foni mbali zonse, anayeza msinkhu wake, nandifunsa mafunso amene palibe anandifunsapo: dzina la agogo lobadwa nalo, mfunda wawo, mudzi, dambo la dothi, amene anawaphunzitsa, chaka chimene ndikuganiza kuti anaiumba. Ndinayankha zonse, ndipo pamene ndinkatchula mayinawo mawu ankanjenjemera. Zaka zonsezi ndinali nawo m'mutu ndekha. Anandiuza kuti tsiku lina, mbiya ya mphini zofanana ikadzapezeka m'nyumba ina yosungira zakale, ku Chichiri kaya ku London, padzakhala poyambira kufananitsa.

M'midzi ya kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama, kwa Mphonde ndi kwa Kanyenda mudakali amayi oumba, abambo osema mabwato ndi oluka mikeka, ngakhale zidebe za pulasitiki ndi maboti a matabwa zikuwalanda msika. Mudakalinso nkhalamba zimene zingayang'ane chithunzi cha mishoni nkunena kuti uyu waima kumbuyo kwa wansembe ndi kalipentala uje, bambo wa uje. Zithunzizo zibwere kuno, pa foni kaya papepala, zionetsedwe pabwalo, kumzikiti ndi kutchalitchi, mayina atoledwe eni kudziwa adakali moyo.

Inu amene mukuwerenga, ngati kwanu kuli mtondo, ng'oma, mpando kaya mtsuko wakale, pitani kwa wamkulu wa pabanja sabata ino. Mufunseni amene anachipanga, kumene ankakhala ndi amene anamuphunzitsa, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku limene mwafunsa.