Manambala a mvula ndi anthu amene ankawanyamula

Masiku amene ndinali mlangizi wa zaulimi cha ku Migowi, Phalombe inali isanakhale boma payokha. Malipoti athu onse ankapita ku Mulanje mpaka mu 1998. M'mawa uliwonse ndinkapita pachoyezera mvula, kukhuthulira madzi m'kabotolo ka mizeremizere, kukakweza mpaka pamaso, n'kulemba mamilimita m'kaundula. Pepala likakwana ndinkalikulunga m'pulasitiki, n'kulimangirira panjinga. Manambala amenewo ankadutsa m'manja ambiri asanasanduke nkhani pa wailesi ya MBC kapena mu Boma Lathu, ndipo pomafika kwa mlimi n'kuti chimanga chitamera kale.

Mdzukulu wanga, amene akuphunzira utolankhani ku Blantyre, ndiye anandifotokozera kuti lero kompyuta imalandira manambala n'kulemba yokha nkhani. Mu March 2014 chivomezi chitagwedeza Los Angeles, pulogalamu ya nyuzipepala ya Los Angeles Times yotchedwa Quakebot inatenga manambala a akatswiri oyeza zivomezi, nkhani n'kutuluka m'mphindi zitatu. Chaka chomwecho bungwe la Associated Press linayamba kulemba motero malipoti a phindu la makampani. Munthu amakonzeratu ziganizo, makina n'kumaika manambala m'mipata.

Ine ndinakondwera nazo, chifukwa kuchedwa kwa uthenga ndikukudziwa. Pa 10 March 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yoposa nyumba, n'kupha anthu mazanamazana. Misewu inaduka. Owerenga anthu akufa ndi osowa anali anyakwawa ndi akuluampingo, akuyenda m'matope, kufunsa khomo ndi khomo kuti kwanu asowa ndani. Mayi wina anatchula ana ake mmodzimmodzi, akupinda zala, ndipo wolembayo anadikira kufikira atamaliza kulira. Namondwe wa Freddy atabwera mu 2023, ku Nkhulambe kunachitikanso zomwezo, ngakhale mafoni anali m'matumba.

Ntchito imeneyo musaipereke kwa makina, ana anga. Koma mitengo ya nandolo ndi mpendadzuwa pamsika wa Migowi, mvula ya ku Chiringa, madzi a mumtsinje wa Phalombe akamakwera, zimenezi makina azilembe ndithu, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, zifike tsiku lomwelo. Chofunika n'chakuti pasukulu iliyonse ya m'tsinde mwa Michesi pakhale choyezera mvula chosabooka, ndi munthu wolipidwa wokachiwerenga m'mawa.