Masana amodzi mu mzikiti wa Al-Azhar

Ndinatsika takisi pa msewu wa Al-Azhar ku Cairo dzuwa lili paliwombo, mahutala akulira mosalekeza, fungo la lubani ndi khofi likuchokera ku msika wa Khan el-Khalili tsidya lina la msewu. Tiyi wa m'kagalasi ndinagula mapaundi 15 a ku Egypt, ndipo shuga wake anangondiwonjezera ludzu.

Kulowa mu mzikiti n'kwaulere. Ndinavula nsapato pa chipata cha Bab al-Muzayinin, pomwe kale ophunzira ankametetsapo tsitsi, n'kutulukira pabwalo la miyala yoyera yomwe kuwala kwake kunandithobwa m'maso. Phokoso lonse linatsala kunja.

Mzikitiwu anayamba kuumanga m'chaka cha 970, ndipo maphunziro ake amachitikabe monga kale: shehe pampando atatsamira chipilala, ophunzira atamuzungulira pakapeti. Ndinakhala kumbuyo kwawo, mawondo akundiwawa posakhalitsa. Mnyamata wina anali ndi buku la mapepala achikasu, lodzaza ndi zolemba zake m'mphepete. Mnzake ankatsatira mizere yomweyo pafoni, chala chikutsetsereka pang'onopang'ono.

Kutsogolo kwa shehe kunali kamera. Phunzirolo linkapita pa intaneti.

Koma chomwe chinandigwira mtima si kamerayo. Wa foni uja anakweza dzanja n'kufunsa, shehe anayankha, iye n'kufunsanso. Mkuluyo sanakwiye. Anavula magalasi, n'kuyambiranso kufotokoza.

Apa m'pamene ndinakumbukira Muhammad Abduh, yemwe anaphunzira pomwepa n'kudzakhala Mufti wamkulu wa Egypt mu 1899. Iye ankadandaula kuti ophunzira amaloweza ndemanga za mabuku akale osamvetsa tanthauzo lake. Kuyambira 1895, ali m'bungwe loyendetsa Al-Azhar, analimbikira kuti pakhale mayeso olongosoka ndiponso masamu, mbiri yakale ndi jogalafe. Mashehe ambiri anamutsutsa, ndipo anatula pansi udindo wake m'bungwelo mu 1905, chaka chomwe anamwalira. Zina mwa zomwe ankafuna zinatheka mu 1961, pamene lamulo latsopano linabweretsa maphunziro a udokotala ndi uinjiniya ku yunivesite ya Al-Azhar.

Adhana ya Asr itamveka, mabuku anatsekedwa, mafoni n'kulowa m'matumba.

Swala itatha ndinazungulira kuseri kwa mzikiti, kumene timashopu ta mabuku tandandalika m'tinjira topapatiza tonunkhira mapepala ndi fumbi. Anyamata awiri ankanenerera mtengo wa buku la tafsiri, lomwe mwina ali nalo kale m'mafoni mwawo.

Maganizo anga anali ku madrasa a ku Mangochi ndi Machinga, kumene ana amaloweza Qur'an mokoma ndithu, ndipo foni zafika kale m'midzi. Kuloweza n'kofunika, sindikutsutsa. Koma inu amwalimu athu, mwana akamaliza kuwerenga sura, mufunseni zomwe wamva, ndipo naye mumulole akufunseni.