Ellis Island: Cisumbu Cimene Mabanja Anali Kudikirirana

Pa doko la mzinda wa New York, pafupi ndi ciboliboli cochuka ca Statue of Liberty, pali kacisumbu kochedwa Ellis Island. Kukula kwake ndi mahekitala 11 okha, koma pakati pa 1892 ndi 1954 anthu oposa 12 miliyoni anadzera pamenepa polowa m'dziko la America. Mwa iwo munali akazi ndi ana ambirimbiri amene anali kutsatira mwamuna kapena bambo amene anatsogola kukafuna nchito. Tinafuna kukaona malowa cifukwa ca anthu amenewa, pakuti mpaka lero alipo mabanja, ena a kuno kwathu, amene ali pa ulendo womwewo.

Boti lopita kumeneko limanyamukira ku Battery Park, kumwera kwenikweni kwa Manhattan, ndipo limayamba laima pa cisumbu ca ciboliboli cija. Titayandikira tinaona nyumba yaikulu ya njerwa zofiira, ya nsanja zinayi. Nyumba yoyamba inali yamatabwa ndipo inapsa mu Juni 1897. Imene iripo leroyi inatsegulidwa mu Disembala 1900. Itatsekedwa mu 1954 inakhala bwinja zaka zambiri, kufikira mu 1990 pamene inakonzedwa kukhala nyumba yosungiramo zinthu zakale. Pongolowa tinakumana ndi mulu wa mabokosi, madengu ndi mitolo ya anthu a masiku aja. Munthu akaona zimenezi amazindikira kuti cuma conse ca banja cinali kukwana m'bokosi limodzi.

M'kati mwa nyumbayi muli ciboliboli camkuwa ca mtsikana wogwira cipewa ndi dzanja lina, kasutikesi ndi dzanja lina. Ameneyu ndi Annie Moore wa ku County Cork m'dziko la Ireland, munthu woyamba kulembedwa pa cisumbuci tsiku limene cinatsegulidwa, pa 1 Januwale 1892. Anali ndi zaka 17, ndipo anabwera ndi alongo ake awiri aang'ono pa sitima ya pamadzi yochedwa Nevada, kutsatira makolo awo amene anali kale ku New York. Anamupatsa ndalama yagolide ya madola 10 ngati cikumbutso. Tinaima pamenepo nthawi ndithu, poganiza kuti woyamba kulowa pa cipata ici anali mwana wofuna mayi ake ndi bambo ake.

Olemera amene anali kugona m'zipinda zapamwamba za sitima anali kufunsidwa mafunso m'sitima momwemo, n'kutsikira mumzinda. Ku Ellis kunali kubwera osauka. Tinakwera m'mwamba kukalowa m'cipinda cacikulu colemberamo maina, ca denga lalitali ngati la chalichi. M'masiku aja madokotala anali kuima pamwamba pa masitepe kuyang'ana mmene aliyense akukwerera. Wotsimphina, wopuma movutika kapena wooneka wosokonezeka anali kulembedwa cizindikiro ca coko pa malaya: L ya mwendo, H ya mtima, E ya maso. Coopsa kwambiri cinali nthenda ya maso yochedwa trachoma, imene anali kuifufuza potembenuza cikope ndi kacitsulo kongowe. Woipezeka nayo kawirikawiri anali kubwezedwa. Kenaka munthu anali kufika pa tebulo la mlembi ndi womasulira, kukayankha za dzina lake, kumene akupita, ndalama zimene ali nazo ndi amene akamulandire. Pa 17 Epulo 1907 anthu 11,747 anadutsa m'cipindaci tsiku limodzi lokha. Ambiri anali kutsiriza zonse m'maola atatu mpaka asanu, ndipo obwezedwa anali pafupifupi awiri mwa anthu 100 aliwonse.

Koma mkazi woyenda yekha kapena ndi ana sanali kuloledwa kungocoka. Anali kusungidwa kufikira wacibale abwere kudzamutenga, kapena itabwera telegalamu yotsimikiza kuti kuli womulandira. Tinaona cipinda cogonamo ca anthu oterewa, ca timabedi tasaru tosanjikizana titatutitatu. Pa zenera mzinda umaoneka bwinobwino kutsidya kwa madzi, ndipo mayi anali kugona pamenepo akudziwa kuti mwamuna wake ali m'nyumba ina mwa zimene akuzionazo. Pansi pa masitepe otsikira pali mzati umene anchito a pa cisumbu anaupatsa dzina loti Kissing Post, ndiye kuti mzati wa mpsompsono, cifukwa ndi pamene olekana anali kukumanirana. Abambo ena anali kuona pamenepo kwa nthawi yoyamba mwana amene anamusiya ali m'mimba.

Zinthu zinasintha mu 1924, caka comwe Annie Moore anamwalira ku New York. Lamulo la caka cimeneco linacepetsa kwambiri ciwerengero ca olowa kucokera ku maiko ambiri, ndipo linalamula kuti wofuna kusamukira ku America ayambe walandira viza ku ofesi ya boma la America m'dziko limene ali, asanakwere sitima. Kuyambira pamenepo nchito ya cisumbu inayamba kutha. Kufunsa, kupima ndi kudikira sizinathe ayi. Zinangosamukira kwawo kwa opemphawo. Kwa ife a mu Zambia, tinganene kuti cipata cija ciri ku Ibex Hill mu Lusaka, kumene kuli nyumba ya kazembe wa America.

Njira imene malamulo anaika ndi iyi. Munthu amene ali ndi cilolezo cokhala ku America mpaka kalekale, cimene ambiri amacidziwa ndi dzina loti Green Card, angathe kupemphera mkazi kapena mwamuna wake ndi ana osakwatira. Amatumiza fomu yochedwa I-130 ku nthambi ya boma yochedwa USCIS, pamodzi ndi umboni wakuti ukwati kapena ubalewo ndi weniweni. Tsiku limene fomuyo yalandiridwa ndilo malo a banjalo pa mzere. Mzere ulipo cifukwa lamulo la mu 1990 linaika malire: gulu lochedwa F2A, la akazi, amuna ndi ana osakwana zaka 21 a anthu a Green Card, limapatsidwa ma viza pafupifupi 88,000 pa caka pa dziko lonse lapansi. Mwezi ndi mwezi boma limatulutsa cikalata cochedwa Visa Bulletin cosonyeza pamene mzere wafika. Nthawi ikayandikira, nkhani imapita ku National Visa Center ku Portsmouth m'cigawo ca New Hampshire. Wopempha amadzaza fomu ya DS-260 pa intaneti ndi kupereka pasipoti, mtulo wa kubadwa, mtulo wa ukwati ndi kalata ya ku polisi. Wotsogola uja amasaina fomu ya I-864 yolonjeza kuti adzasamala banja lake, ndipo malipiro ake ayenera kufika pa 125 peresenti ya muyezo wa umphawi umene boma limaika. Kenaka pamabwera kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka ndi kazembe, ndiponso kufunsidwa maso ndi maso. Viza ikaperekedwa, nthawi zambiri imagwira nchito miyezi yosaposa isanu ndi umodzi. Amene ukwati wawo sunakwane zaka ziwiri polowa amalandira cilolezo ca zaka ziwiri zokha, ndipo ayenera kusonyezanso kuti ukwatiwo ndi woona.

Pa njira yonseyi pali misampha imene makolo ayenera kuidziwa. Mwana amakula pamene mapepala akugona m'maofesi. Akakwanitsa zaka 21 angathe kugwera m'gulu lina, la F2B, limene mzere wake ndi wa zaka zambiri, ngakhale kuti lamulo la mu 2002 limateteza ana ena pocotsera nthawi imene fomu inakhala ikuyembekeza yankho. Mwana wa munthu wa Green Card akakwatira kapena kukwatiwa asanalowe, pempho lake limafa, pakuti palibe gulu la ana okwatira a anthu oterewa. Dzina lolembedwa mosiyana pa pasipoti ndi pa mtulo wa kubadwa limacedwetsa zinthu, ndipo bodza lonenedwa dala kwa ofunsa lingatsekere munthu khomo moyo wake wonse. Cina cothandiza kudziwa ndi cakuti wotsogolayo akakhala nzika, zimene ambiri angapemphe patapita zaka zisanu, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana aang'ono sawerengedwanso pa malire a caka aja.

Ndipo monga mu 1924, cipata cimatseguka ndi kutsekeka malinga ndi amene akulamulira. Mu Disembala 2025 boma la America linalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 liimitsa kupereka ma viza osamukira kwa nzika za maiko angapo, ndipo Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anali pa mndandandawo. Cotero amene ali ndi pempho afunse kwa kazembe weniweni mmene zinthu ziliri asanagulitse munda kapena ng'ombe, ndipo acenjere ndi anthu olonjeza viza pa ndalama.

Annie Moore anayenda masiku 12 pa nyanja n'kukumana ndi makolo ake. Mayi wa lero angathe kufika ku New York m'masiku awiri pa ndege, koma asanakwere ndegeyo zimapita zaka, ana akukula ndi mawu a bambo a pa foni okha. Ife sitiri alendo pa nkhani yotere. Agogo athu anaona amuna akupita ku migodi, ku Halale ndi ku Joni, ndipo anali ndi dzina la amene sanabwerere: machona. Anadziwanso kuti banja lolekana limasungidwa ndi zinthu zing'onozing'ono zocitika nthawi zonse: kalata yofika, ndalama ya sukulu yotumizidwa pa nthawi yake, apongozi osatopa kuyendera mkamwini kapena mtengwa wotsala yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kumapepuka ngati acibale ndi anansi akugawana mtolo. Owerenga athu, ngati pafupi ndi inu pali nyumba imene ikudikira viza, kaigogodeni sabata ino. Funsani za ana, za fizi ndi za denga, ndipo musayambe ndi funso loti anyamuka liti.