Smoker yoyamba: yang'anani kumene mpweya ulowera

Ife a mu Lusaka kuwotcha nyama timakudziwa. Braai stand ili pafupifupi pa yadi iliyonse, ndipo madzulo a pa Chisanu fungo la michopo limamveka kuyambira ku Matero mpaka ku Chilenje. Koma masiku ano anzanga akundifunsa funso lina: "Smoker yabwino yoyambira nayo ni iti, yosadula maningi?" Aona mavidiyo a ku Texas pa TikTok ndi YouTube, munthu akudula nyama yakuda kunja, mkati yofewa yochita kugwa yokha, ndiye nawonso afuna kuyesa. Ena afuna kukondweretsa banja chabe. Ena akuganiza zoikapo ndalama za chilimba kuti ayambe kabizinesi ka pa Chiwelu ndi pa Sondo. Kwa amenewa, kugula chinthu cholakwika ndi kutaya thukuta la miyezi ingapo.

Yankho langa ndi ili: ntchito ya smoker ndi imodzi, kulamulira mpweya umene ukufika pa moto. Ikachita zimenezo, ndi yabwino ngakhale ikhale yonyansa m'maso. Ikalephera, penti wowala ndi matayala sizidzakuthandizani.

Tiyambe ndi kusiyana kwake. Pa braai nyama imakhala pamwamba penipeni pa moto waukali, ndipo m'mphindi zochepa yapsa. Mu smoker nyama imakhala kutali ndi moto, chivundikiro chili chotseka, kutentha kuli pakati pa 107 ndi 121°C, kwa maola ambiri. Kutentha kochepa kotereku kumasungunula pang'onopang'ono minyewa yolimba ya m'nyama, ija imatopetsa nsagwada, n'kuisandutsa yofewa ndi yonona. Ndiye chifukwa chake smoker imakonda nyama zimene pa braai timazinyoza: phewa la nkhumba, nthiti, chifuwa cha ng'ombe chimene amachitcha brisket.

Utsi pa nyama si chinthu chachilendo kwa ife. Ambuya anga ku Katete ankawamba nyama pa nsanja pamwamba pa moto, ndipo aliyense amene anakwerapo basi ya ku Chipata amadziwa nsomba zowamba za pa Luangwa Bridge. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amawamba kuti nyama iume, isawonongeke. Ife tifuna ipse ikali ndi madzi ake, tidye tsiku lomwelo. Koma kuleza mtima kwake ndi komweko.

Smoker imene imakopa anthu ambiri ndi offset, ija yooneka ngati sitima: thanki yogona, kabokosi ka moto pambali, chumuni mbali inayo. Ndiyo imaoneka m'mavidiyo. Zenizeni zake zimapangidwa ndi chitsulo chokhuthala, cha mamilimita 6 kapena kuposa, monga mapaipi a mafuta ndi matanki akale a gasi. Aaron Franklin, amene anayamba kugulitsa nyama mu kalavani ku Austin mu 2009 ndipo lero anthu amaima pamzere maola ambiri pa malo ake, amaphikira m'matanki otero. Chitsulo chokhuthala chikatentha chimasunga kutenthako. Offset zotchipa za m'mashopu zimangofanana nazo maonekedwe. Chitsulo chake n'chopyapyala, zitseko sizigwirana bwino, utsi umathawira m'mbali, ndipo mbali ya ku moto imatentha kwambiri kuposa inayo. Mphepo ya mu August ikawomba, kutentha kumatsika nthawi yomweyo. Ngakhale offset yabwino imafuna kuti muziponyamo chikuni pa theka la ola lililonse kapena kupitirira pang'ono. Woyamba kumene safunika kumenyana ndi moto komanso ndi chitsulo nthawi imodzi.

Palinso za magetsi, ndi zina zimene zimadya timibulu ta utuchi totchedwa pellets. Izi zimadzilamulira zokha, mumangotembenuza kabatani. Koma zonse ziwiri zimadalira magetsi, ndipo tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, pamene makomboni ambiri ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda malaiti. Nyama ya maola 10 singadikire kuti magetsi abwere. Ma pellets nawonso simungawapeze pa kantemba. Chinthu chimene chakudya chake n'chovuta kupeza chimathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikirapo mazira.

Zotsala ndi ziwiri, ndipo zonse ndi za malasha. Yoyamba ndi ija yozungulira ngati mpira, ya miyendo itatu, imene amaitcha kettle. Anaiyambitsa George Stephen mu 1952 ku Chicago, pa kampani ya zitsulo ya Weber Brothers. Anatenga chitsulo chozungulira chija chimayandama pamadzi kusonyeza njira kwa oyendetsa maboti, n'kuchidula pakati: theka lina mbale ya moto, theka lina chivundikiro. Ubwino wa kettle ndi wakuti imagwira ntchito ziwiri. Lero mwawotchapo soseji, mawa mwaika malasha mbali imodzi, nyama mbali inayo, mwatseka, yasanduka smoker. Mukandandalika malasha mozungulira m'mphepete ngati njoka n'kuyatsa kumutu kokha, moto umayenda pang'onopang'ono kwa maola angapo. Ya Weber yeniyeni ndi yodula chifukwa imachokera kunja, koma pali zina zotengera pamenepo. Ya masentimita 57 ndiyo yokwanira. Kwa munthu wa pa flat kapena pa yadi yopanikizana, amene aphikira anthu asanu, kettle ndi chisankho chanzeru.

Yachiwiri ndi dramu yoimirira ya malita 200. Ku America amaitcha Ugly Drum Smoker, ndipo dzinalo silinama, n'njonyansadi. Ndiyo ndinasankha ine, chifukwa ndalama zanga zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo zonse zofunika zimapezeka kuno. Kapangidwe kake n'kosavuta. Pansi penipeni, masentimita 5 kuchokera pathako pake, pamakhala mabowo atatu a masentimita 2 olowera mpweya. Mkati mumakhala basiketi ya chitsulo yoikamo malasha, yokhala ndi timiyendo kuti phulusa lizigwera pansi. Pamwamba, pafupifupi masentimita 60 kuchokera pa malasha, pamakhala waya woikapo nyama. Pa chivundikiro pamakhala potulukira utsi. Basi. Mtunda wa pakati pa moto ndi nyama ndi umene umateteza nyama kuti isapserere, ndipo mafuta akamadonthera pa malasha amabwezera kafungo kabwino m'mwamba.

Owotcherera zitsulo a ku Garden ndi ku Kalingalinga, amene amapanga mageti, mawindo ndi mbaula tsiku ndi tsiku, ntchito imeneyi kwa iwo ndi yaing'ono. Chovuta n'chakuti anazolowera braai stand, imene imafuna mpweya wambiri. Bambo amene anandipangira yanga ataona pepala limene ndinajambula anapukusa mutu.

"Mwana wanga, tumabowo tutatu chabe? Moto uzazima uyu. Lekani nikuikileni chitseko apa."

"Ayi atate, chitseko musaike. Nifuna moto wanjala, osati wokhuta."

Anaseka, koma anapanga monga ndinapempha. Mukapita kwa wowotcherera, tengani pepala lokhala ndi miyeso, ndipo muumirire pa mfundo imeneyi. Chitseko cha m'mbali chimalowetsa mpweya umene simungaulamulire. Mabowo ang'onoang'ono mungawatseke ndi maginito kapena ndi zotsekera za mapaipi, limodzi limodzi, monga mufunira.

Pa dramu pali zinthu zitatu zimene simuyenera kuchita nazo chibwana. Choyamba, dziwani chimene chinali mkati. Ya mankhwala a m'munda, ya penti, kapena imene wogulitsa sakudziwa chimene inasunga, isiyeni ngakhale itchipe bwanji. Funani imene inali ndi zakudya monga mafuta ophikira. Dramu imene inasungapo petulo kapena zina zoyaka imatha kuphulika poidula kapena poiwotcherera, choncho ndi ngozi kwa wowotcherera yemwe. Chachiwiri, muiwotche ndi moto waukulu wa nkhuni, yosavundikira, mpaka penti yense wa kunja ndi zomatira za mkati zitapsa, kenaka muikweche mpaka chitsulo chioneke, muipake mafuta ophikira mkati. Chachitatu, pewani chitsulo cha galvanised, chija chotuwa ngati malata. Zinc imene amakutira pamwamba pake imatulutsa utsi wodwalitsa ikatentha kwambiri. Mashelefu a firiji yakale, amene ambiri timawotcherapo nyama, nawonso amakhala okutidwa ndi pulasitiki kapena zinthu zina zosayenera moto.

Kaya mwasankha kettle kaya dramu, mayeso ake ndi amodzi. Tsekani chivundikiro muone ngati chikugwira mozungulira monse popanda mpata. Gwirani potsegulira mpweya, muone ngati pamatsekeka n'kutsekukanso mosavuta. Dinani chitsulo ndi chala. Chikabonyoka ngati chitini cha mkaka, chisiyeni. Mukafika nayo kunyumba, yatsani malasha ochepa popanda nyama, mutseke mabowo onse. Moto ukazima wokha, smoker yanu imamva malamulo. Ukapitiriza kuyaka, pali pamene mpweya ukubera.

Kuyendetsa moto kumachitikira pansi. Mukatsegula bowo la pansi, moto umakula, kutentha kumakwera. Mukatseka, kumatsika. Potulukira utsi pamwamba pazikhala potsegula nthawi zonse, chifukwa utsi wotsekeredwa umawawitsa nyama. Mukasintha bowo, dikirani mphindi 15 musanasinthenso. Ndipo musamatsegule chivundikiro kawirikawiri kuti muonetse anzanu. Pa dramu, kutsegula kulikonse kumapatsa moto mpweya wambiri, kutentha n'kulumpha.

Ndalama zimene muli nazo musazithere pa chitsulo. Gawo lina lipite ku thermometer yobaya m'nyama. Ija yomata pa chivundikiro imayeza mpweya wa pamwamba, ndipo zotchipa zimanama. Nkhuku yapsa bwino ikafika 74°C mkati, pamnofu wokhuthala. Phewa la nkhumba limafewa mpaka kumanyotsoka ndi foloko likafika pakati pa 90 ndi 95°C. Thermometer yatsopano muiyese m'madzi owira, koma musadabwe ikapanda kufika 100. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo kuno madzi amawira pa 96°C kapena pafupi pamenepo. Ikakuonetsani 96, ikunena zoona.

Gawo linanso lipite ku nyama yophunzirira. Musayambe ndi brisket. Ndi yodula, imatenga maola 10 kapena kuposa, ndipo ikauma mtima umawawa. Yambani ndi ntchafu za nkhuku ya broiler, zimene zimapsa m'maola awiri ndipo zimakhululuka msanga. Nkhuku ya kumudzi ilibe mafuta okwanira, imauma. Iyo ndi ya mumphika. Kenaka nthiti za nkhumba, kenaka phewa. Pa nyama zikuluzikulu mudzaona kuti ikafika cha m'ma 65 mpaka 75°C imaima, maola akupita koma nambala osakwera. Sikuti moto wafa. Madzi amene akutuluka pamwamba pa nyama akuiziziritsa, monga thukuta limachitira pathupi pathu. Mungadikire, kapena muikulunge mu foil kuti ipitirire.

Malasha athu a m'masaka amakhala osakanikirana, ena akuluakulu, ena fumbi. Sankhani apakatikati, mudzaze basiketi, muyatse ochepa chabe pa mbaula n'kuwathira pamwamba pa enawo. Moto umatsika wokha pang'onopang'ono, ndipo basiketi imodzi ingakufikitseni maola 8 osawonjezera. Izi zili ndi phindu lina. Tonse timaona mathiraki a malasha akulowa mu Lusaka ndipo tikudziwa kuti ndi mitengo ikutha. Moto wotsekeredwa umadya malasha ochepa kuposa braai yotsegula, ndipo mukamaliza n'kutseka mabowo, otsala amazima, mudzawagwiritsanso ntchito.

Fungo limachokera ku tizikuni titatu kapena tinayi, tokula ngati chibakera, toikidwa pakati pa malasha. Simufunika hickory wa ku America. Nthambi zouma za mango, gwafa, lalanje kapena ndimu zimapereka utsi wokoma, ndipo zimapezeka kwa aliyense amene wadulira mtengo pa yadi pake. Paini ndi bulugamu zimawawitsa nyama. Matabwa opentedwa, mapaleti ndi mapolo othiridwa mankhwala musayese n'komwe. Nyama muiike utsi ukakhala wochepa, wotuwa mopita ku buluu. Utsi woyera wochita kutsamwitsa ndi chizindikiro chakuti moto sunakhazikike.

Ganiziraninso malo. Smoker ndi ya panja basi. Malasha oyaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda mu June ndi July. Ngati mukhala pa yadi ya lendi, lankhulani ndi a landlord ndi anansi musanayatse, chifukwa utsi wa maola 6 pa zovala zoyanikidwa ungayambitse mlandu. Kambale ka nthiti kopita khomo loyandikana kamathetsa milandu yambiri yotere. Dramu imatentha kunja konse, ndiye ana aziseweretsa kutali. Nyengo ya mvula muziivundikira ndi kuchotsamo phulusa, poti phulusa lonyowa limadya chitsulo.

Kwa inu amene mukuganiza za bizinesi, dramu imodzi ndi yokwanira kuti mudziwe ngati anthu a kwanuko angalipire nkhuku ya utsi kuposa ya pa braai. Phikani ma Sondo asanu otsatizana, muzilemba m'kabuku malasha amene mwagwiritsa ntchito, mabowo amene munatsegula, maola ndi mtengo wa nyama. Oda akachuluka, dramu yachiwiri ndi yotchipa kuposa offset, ndipo mudzakhala mukuidziwa kale. Akapanda kubwera, mwataya zochepa, ndipo banja lanu ladya bwino ma Sondo asanu.