UMBONI: ABUSA SAKUDWALA AYI

Uthenga wa lerowu ndi wautali, ndiye pezani pokhala.

Mafunso achuluka. “Abusa, mwatha bwanji chonchi?” “Tiuzeni chikuvuta, tikupempherereni.” Ena sakufunsa ine, akukafunsa mayi busa ku mjigo. Ndamvanso kuti ena matendawo awapeza kale, dzina lake akungonong'onezana. Ndiyankhe nonse pamodzi: sindikudwala. Miyezi 19 yapitayo sikelo inkati makilo 103. Lero ikuti 86. Makilo 17 amenewo ndawataya dala, pang'onopang'ono, ndipo Mulungu wandigwira dzanja. Aleluya!

Sindikukwiya ndi ofunsawo, chifukwa komwe mantha awo achokera ndikukudziwa. Ife a zaka za m'ma 40 tinaona ndi maso m'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004. Munthu akayamba kuonda, mudzi unkayamba kuwerenga masiku. Kuyambira pamenepo kuonda kunasanduka chinthu chochititsa manyazi, ndipo kunenepa tinakupatsa ulemu woposa kale. Bambo akatulutsa mimba timati bwana, zake zikuyenda. Mayi akanenepa pa banja timati akusamalidwa. M'mipingo yathu ya chipentekoste ndiye zinafika pena: m'busa woonda anthu amamuyang'ana ngati Mulungu sakumuyankha. Ndinene pano kuti abale athu amene akumwa ma ARV ndi anthu athanzi, akulima, akuimba mu kwaya, ndipo kunong'onezana za iwo ndi tchimo. Siyani.

Koma pali wina amene akutitenga mwakachetechete. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la WHO anachita kafukufuku m'dziko muno, napeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Munthu amadzuka bwinobwino, masana wagwa, mkono ndi mwendo zafa, kamwa yapotoka. Ife timathamangira kunena kuti amumenya hamala, n'kuyamba kuloza agogo a m'mudzi. Ine nkhondo ya uzimu ndimaidziwa, ndipo ndimaimenya. Koma maliro ena amene ndalalikirapo, hamala yake inali mchere, mafuta ndi shuga.

Kwa ine zinayamba ndi mawondo. Kenako kulalikira mphindi 40 ndinkachita wefuwefu, thaulo lonyowa, mutu ukugunda kumbuyoku. Mayi busa ankati usiku ndikuliza mkonono ngati sitima ya malasha ikudutsa pa siteshoni. Atandiyeza kuchipatala, BP inali 168/102, pamene malire ake ndi 140/90. Adokotala anandipatsa mapiritsi, n'kunena mosabisa kuti thupi litsike.

Tsono mvetserani pamene panali nkhondo yeniyeni. M'busa amanenepa ndi chikondi cha nkhosa zake. Tsiku limodzi ndimatha kuyendera makomo asanu. Khomo loyamba tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Lachiwiri mpunga wa nkhuku, nkhuku imene mwina inali yokhayo pakhomopo. Lachitatu atuma mwana kukagula Fanta kapena Frozy wa kutsidya kuno, pa ngongole. Mungakane bwanji? Kwathu kuno kukana chakudya ndi kukana munthu. Mayi wamasiye wakuphera nkhuku, iwe n'kumati ndikuchepetsa thupi, akuona ngati wanyoza umphawi wake, kapena ukumuganizira zoipa.

Ndinaitana akulu a mpingo, n'kuwauza zimene adokotala ananena. Lamulungu lotsatira ndinalengeza pa guwa: amene akufuna kundilandira, andipatse madzi akumwa, mbatata yophika kapena chinangwa, mtedza pang'ono, basi. Nkhuku isiyeni iikire mazira ana adye. Ena anakhumudwa, sindibisa. Gogo wina anandiuza kuti, “Abusa, ndiye mwatiyesa osauka eti?” Ndinakhala naye pa mkeka, tinadya limodzi nsima ya therere, ndinamupempherera. Lero ndikafika amangoseka, “Abusa a madzi afika.” Ndipo ndazindikira kuti makomo ena amene kale ankachita manyazi kundiitana chifukwa analibe chondipatsa, tsopano akundiitana.

Ena mukuti, bwanji osangosala kudya masiku 21 mimba ithe? Abale, kusala ndi kofunira nkhope ya Mulungu, si mankhwala a mimba. Januwale aliyense timasala, ndipo ndimaona zomwe zimachitika. Munthu tsiku lonse osadya, ikakwana 6 koloko amasula ndi mitanda inayi, Sobo ndi zitumbuwa. Pofika Malichi thupi labwerera, lawonjezeranso. Thupi likamanidwa chakudya mwadzidzidzi limataya madzi ndi minofu, osati mafuta okha, ndipo njala imabwera ndi ukali. Timakonda kutchula Danieli. Kawerengeni bwino chaputala 1. Masiku 10 aja anali ongoyesera. Maphunziro awo ku Babulo anali a zaka zitatu, ndipo atapambana mayeso aja woyang'anira anapitiriza kuwapatsa zamasamba m'malo mwa zakudya za mfumu. Kanali kadyedwe ka tsiku ndi tsiku.

Ndiye ine ndikudya chiyani? Zomwezi za kwathu. Palibe tiyi wochepetsa thupi amene ndagula, ngakhale amene amatsatsidwa pa WhatsApp aja. Nsima sindinasiye, Mmalawi sasiya nsima. Ndinachoka pa mitanda inayi kufika pa iwiri, madzulo umodzi ndi theka, ndipo ndi ya mgaiwa. Inde, mgaiwa umene timati ndi wa ku boarding. Pokonola chimanga timachotsa gaga n'kupatsa nkhuku, pamene gagayo ndi amene amachititsa kuti chakudya chikhalitse m'mimba, njala isabwere msanga. Theka la mbale ndi masamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada. Nandolo ndi khobwe tili nazo zambiri kuno ku Machinga ndi Balaka, koma timathamangira kugulitsa kwa mavenda n'kukagula chipisi cha pa chiwaya. Matemba a ku Chilwa ndi Chiuta mayi busa amaphika ndi tomato ndi anyezi, mafuta supuni imodzi, osati kuwasambitsa m'mafuta. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo onsewo amapezeka pa msika wathu womwewu.

Chimene chinagwetsa makilo oyamba ndi zakumwa. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi asanu ndi atatu. Tayesani kuthira masupuni asanu ndi atatu mu kapu imodzi muone ngati mungamwe. Tiyi ndinatsitsa kuchoka pa masupuni anayi kufika pa atatu, patapita milungu iwiri awiri, pano imodzi. Lilime limazolowera. Mchere nawonso, a WHO amati munthu asapyole magalamu 5 pa tsiku, imeneyo ndi supuni ya tiyi imodzi, kuphatikizapo wa mu ndiwo. Kambale ka mchere kanachoka pa tebulo pathu.

Za kuyenda. Kuno kulibe jimu, ndipo sitikuifuna. Ndimadzuka 4:30, kupemphera, ikamakwana 5 koloko ndili pa njira, dzuwa la kuno lisanayambe kuwotcha. Ndimatsata kanjira ka m'mbali mwa njanji yolowera ku Nkaya, mphindi 20 kupita, 20 kubwerera. M'mbali ndanena, osati pa njanji. Masitima a malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala ndi aatali ndi olemera, saima pafupi. Poyamba mphindi 10 zokha zinkandikwana. A zaumoyo amati mphindi 150 pa mlungu, ndiye mphindi 30 masiku asanu mwakwanitsa. Makomo apafupi ndimapita wapansi, akutaliko pa njinga yopalasa. Anyamata a kabaza amandiseka kuti abusa ayamba kuumira. Ndinabwereranso ku khasu, mizere yanga ndimalima ndekha.

Musaganize kuti zinkangotsika mlungu ndi mlungu. Mwezi wachisanu ndi chimodzi sikelo inaima pa 94, milungu isanu ndi iwiri osasuntha. Nthawi ya mvula njira yathu imasanduka matope, pa Khirisimasi pali mpunga, pa ukwati m'busa amamuika ku tebulo lapamwamba. Pamenepo ndi pamene ambiri amasiyira. Chimene chinandisunga ndi lamba wa buluku, chifukwa ngakhale sikelo inaima, bowo linkasunthabe. China ndi anthu. Abambo atatu a mu mpingo anayamba kuyenda nane, kenako neba wathu wachisilamu akachoka ku swala ya m'bandakucha amatipeza pa njira. Tsiku limene ulesi wandigwira, ndimamva kugogoda pa chitseko, “Abusa, tiyeni!” Ndikadya kwambiri pa ukwati Loweruka, Lamulungu sindidzilanga ndi njala, ndimangobwerera ku mbale yanga ya masiku onse. Kilo imodzi pa mwezi ndi yokwanira.

Mawu awa ndiwanene mwamphamvu, ngakhale atumiki anzanga ena sakondwa nawo. Mapiritsi a BP ndikumwabe. Pano BP yanga imakhala cha m'ma 130/85, ndipo adokotala ndi amene anachepetsa mlingo, osati ine. Ndimakhulupirira machiritso, ndaona Mulungu akuchiritsa. Koma munthu akakuuzani kuti tayani mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV chifukwa wakupemphererani, musamvere. Ngati mwachira, makina akuchipatala achitira umboni. Amene muli ndi shuga musayambe kusala kapena kudumpha chakudya musanalankhule ndi adokotala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, ndi inu amene thupi ndi lochepa kale, uthengawu si wanu, inu idyani. Ndipo ngati mukuonda osadziwa chifukwa chake, mukutsokomola, mukutuluka thukuta usiku, pitani mukayezetse mawa lomwe.

Loweruka likubwerali tikumana 5 koloko m'mawa pa tchalitchi, abambo ndi amayi omwe, wa mpingo uliwonse. Valani nsapato zosathina, tengani botolo la madzi. Oyamba kumene tidzayenda nanu mphindi 15 zokha, ndipo mayi busa adzatsalira m'mbuyo ndi oyenda pang'onopang'ono. Masuti anga atatu akale andikulira, amene akuwafuna andipeze tikaweruka Lamulungu.

Ambuye akudalitseni nonse.