Liu Lakuti "Conformity"

Mnyamata wina wa m'komboni ya Garden, ku Lusaka, atatsiriza sukulu anapeza nchito ya ukalaliki. M'kalata yomlembera nchitoyo munali liu lakuti "conformity," ndipo linamsautsa. Madzulo anapita kwa mphunzitsi wace wakale nati, "Aphunzitsi, kodi liu ili litanthauza mwambo?"

Mkuluyo anamlozera anthu amene anali kuumba njerwa. "Mwana wanga, taona cikombole cija. Liu limeneli licokera ku Cilatini: 'con' ndiko kuti pamodzi, 'forma' ndiwo maonekedwe kapena cikombole. Mwambo ndiwo cikombole. 'Conformity' ndiko kulowa kwa dothi m'menemo."

Cotero Mngelezi amati munthu acita "conform to" malamulo, ndipo zocita zace ziri "in conformity with" malamulowo. Wotsata anzace m'zonse amamucha "conformist," koma dzina limeneli kawirikawiri liri ndi kamnyozo. Wokana amamucha "nonconformist." Mu 1662 lamulo la ku England linakakamiza abusa onse kutsata buku limodzi la mapemphero, ndipo abusa ngati 2,000 anataya nchito ndi nyumba zao cifukwa ca kukana.

Cikombole cabwino cimamanga mudzi. Pa maliro m'Garden amuna amacezera panja pa moto, akazi m'nyumba, ndipo aliyense amaponya kangacepe. Pakuti caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Komatu cikombole naconso cimakonzedwa cikapanda kuyenera anthu. Nyumba zambiri za m'makomboni zinamangidwa popanda cilolezo. Koma mu 1974 Boma linaika lamulo lolola eni ace kulandira ziphaso za zaka 30, ndipo Garden inali pakati pa makomboni amene anakonzedwa.

Patapita miyezi, anzace a mu ofesi anauza mnyamata uja kuti iwo onse amalandira kanthu mobisa kwa anthu odzafuna mapepala. "Usadziyese wopambana ife," anatero. Usiku umenewo tulo sanationa. Akakana, adzadya yekha masana onse. Akalola, adzaphwanya lamulo limene analembapo dzina lace. Zikombole zinali ziwiri, koma dothi limodzi.

Iye anakana, ndipo anzace anamsala kwa nthawi yaitali. Aliyense wotsiriza sukulu adzakomana nalo liu limeneli. Asanalowe m'cikombole, ayambe waona ngati ciri coongoka. Pakuti njerwa yokhota ikapsa, palibe angathe kuiongola.