Kuphunzitsa Ana a ku Kafue Kuyesa Mawu a Otsatsa Malonda

Aliyense amene anayendapo pa mseu waukulu wochokera ku Lusaka kunka ku Mazabuka ndi ku Livingstone adziwa kuti, asanaoloke mlatho wa mtsinje wa Kafue, apyola m'tauni yathu, ndi kuti mbali zonse ziwiri za mseuwo zadzala ndi mawu olembedwa pa zikwangwani, pa makoma a masitolo, pa timisasa totumizirapo ndalama ndi pa mitengo ya magetsi, onsewo akuitana wodutsa kuti aime ndi kumasula chikwama chake. Ine ndine mphunzitsi wa chinenero pa sukulu ina ya kuno, ndipo ana amene ndapatsidwa ndiwo a makalasi oyamba a sekondale. Koma ngakhale ndilipidwa chifukwa cha galamala ndi kalembedwe, mbali ya ntchito imene mtima wanga wagonapo ndiyo kuwaphunzitsa kuwerenga mawu a mumseuwo, ndi a pa wailesi, ndi a m'foni, kufikira atazindikira mwini mawuwo ndi chimene afuna kwa iwo.

Chifukwa chake nchakuti mwana wa msinkhu umenewu ndiye maso a nyumba yonse. M'tauni muno, ku Zambia Compound, ku Shikoswe ndi ku Nangongwe, kuli makomo ambiri kumene ambuya alera adzukulu, ndipo uthenga wa Chingerezi ukalowa m'foni wonena kuti mwapambana mphoto, kapena kuti ndalama zija mutumize pa nambala yatsopano iyi, ambuyawo aitana mdzukulu nati, “Iwe, tandiwerengera, ati chiyani awa?” Pa mphindi imeneyo chakudya cha mwezi wathunthu chili m'manja mwa mwana wa zaka 14. Tiyeneranso kukumbukira kuti tauni ino inakula ndi mafakitale, pamene Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles nkumaomba nsalu, ndi nyumba za Kafue Estates nkumangidwira antchito. Ndipo pamene ntchitozo zinachepa, fakitale ya nsalu nitsekedwa, anthu ambiri aulemu anatsala ndi ana pakhomo koma opanda malipiro. Njala ifewetsa khutu, monga tiwerenga za Esau amene anagulitsa ukulu wake ndi mbale ya mphodza, ndipo odziwa kunyengerera adziwa bwino khomo loti agogodepo.

Zipangizo zanga sizigulidwa. Ndituma ana kuti atole mapepala okulungira sopo ndi mabisiketi, timapepala togawidwa pamsika, ndi kuti akopere m'makope mwao mawu a pa zikwangwani monga alili, osakonza ngakhale chilembo. Tiyamba ndi mnyamata woitanira basi ya ku Lusaka, amene afuula kuti watsala munthu mmodzi pomwe mipando ili mbee, pakuti ana onse amdziwa ndipo aseka. Koma akatha kuseka ndiwaonetsa kuti chikwangwani chonena kuti mtengo wotsika utha lero chichita chimodzimodzi, ndiko kufulumiza munthu kuti asapeze mpata wolingalira. Pamenepo ndiwauza kuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe aloledwa kuweruza chilengezo asanachiwerenge kawiri, kachiwiriko kuyambira pansi, kumene kukhala timalemba tating'ono.

Pa timalembato ndipo tikhalitsa. Tifunafuna kanyenyezi koikidwa pambali pa mawu akuti “ulere”, ndi kutsata kumene kaloza. Tifunsa chifukwa chake katundu alembedwa K99.99 pomwe wogula sadzaiona ngwee imodzi yotsalayo. Ndilemba pa bolodi ngongole ya K500 yobwezedwa K650 pakutha pa mwezi, ndipo ana akawerengera okha napeza kuti chiwongoladzanja chake ndi K30 pa K100 iliyonse mwezi umodzi wokha, ayamba kunong'onezana za ngongole za kaloba zimene makolo awo azidziwa. Titenga pepala la sing'anga wolonjeza kubweza mwamuna wothawa, kuchiza nthenda zonse ndi kupambanitsa mayeso, ndipo ndifunsa kuti munthu wa mphamvu zotere alekeranji kulemba dzina lake lenileni ndi malo ake, nangosiya nambala ya foni. Tiona chithunzi cha mnyamata wokondwa amene wapambana pa kubetcha mpira, ndipo ndifunsa kuti nkhope za iwo amene ndalama zawo zinamlipira zili kuti. Koma chondiwawa koposa ndi mafuta oyeretsa khungu, pakuti wogulitsa ameneyu ayamba wabzala manyazi mumtima mwa mtsikana pa khungu limene Mlengi anampatsa, ndipo pambuyo pake ndipo abwera ndi mankhwala a nthenda imene waipanga yekha. Pa phunziro limeneli ndilankhula mofatsa ndithu, osaloza mwana aliyense, chifukwa ena mwa iwo aona botololo pa zenera la amayi awo.

Zitatha izi ndiwasandutsa iwo eni otsatsa malonda. Gulu lililonse lisankha chinthu chodziwika, kaya vitumbuwa, kaya nsomba za mumtsinje wathu, kaya makala, nililemba zilengezo ziwiri: china chonena zoona zokhazokha koma mokoma, china chogwiritsa machenjerero onse amene taphunzira. Mwana amene anatcherapo yekha msampha wa mbewa saponda pa diwa la mnzake. Ndipo pano ndisamala kwambiri, pakuti ambiri mwa ana awa adya ndi kuvala chifukwa amayi awo akhala pamsika kuitana ogula kuyambira m'bandakucha. Kutamanda katundu wako si tchimo, ndipo mayi wonena kuti nsomba zake nza lero, zili za lerodi, achita ntchito yolungama. Sindifuna kuumba ana onyoza zonse ndi osakhulupirira kanthu, pakuti wotereyo akananso katemera ndi chenjezo la kolera. Ndifuna ana odziwa kusiyanitsa muyeso woona ndi muyeso wonyenga.

Kuti asaganize kuti nzeru imeneyi nja Azungu, ndiwasimbira za makolo awo. Mu 1949 munafika m'dziko muno wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, imene Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anapangitsa ku kampani ya Ever Ready, ndipo anthu anasonkhana m'midzi kumvera woimba Alick Nkhata ndi anzake kuchokera ku Lusaka. Koma pamene wailesi yomweyo inayamba kukometsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 Afirika atachikana, anthu osapita kutali ndi sukulu anafunsana kuti kamwa ili nla yani, ndipo sanameze. Chikomekome cha mkuyu anachidziwa kale, kuti m'kati muli nyerere.

Chovuta cha masiku ano nchakuti pa Facebook ndi pa TikTok chilengezo sichivala malaya a chilengezo. Chibwera ngati mnzako wokuuza sopo amene asamba, osatchula kuti walipidwa, ndipo mwana achiona ali yekha usiku, kumene mphunzitsi kulibe. Chimene ndingathe ndicho kuwadziwitsa kuti dziko lili ndi lamulo la 2010 loletsa kusocheretsa ogula, ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lolandira madandaulo awo, ndi kuti za mauthenga achinyengo a m'foni zipita ku bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA. Chotero phunziro lathu lomaliza la teremu likhala kalata ya dandaulo, imene mwana aliyense alemba ndi dzanja lake, natchula tsiku, malo, mtengo, mawu enieni amene analonjezedwa ndi chimene analandira, naphatikapo lisiti. Ndipo ndiichonga molimba monga ndichongera mayeso, pakuti kalata yosokonezeka palibe ofesi imene idzaiyankha.